Nkhalango za Mvula ndi Moyo wa Mzinda wa Blantyre

Munthu aliyense wokhala mumzinda wa Blantyre amadzuka m'mawa phiri lili pamaso pake. Wa ku Ndirande ndi wa ku Machinjiri amaona phiri la Ndirande, wina mbali ino wina mbali inayo. Wa ku Chilomoni amaona Michiru. Wa ku Zingwangwa amaona Soche. Ndipo wa ku Bangwe amaona phiri limene dera lake linatengerako dzina. Mapiri amenewa tinawazolowera kotero kuti ambiri a ife sitifunsanso kuti kodi pamwamba pake panali chiyani kale, nanga chinapita kuti. Mwana wa sukulu wa lero, amene anabadwa phiri la Ndirande lili kale mbee, miyala yokhayokha ndi timinda ta chimanga, amayesa kuti linalengedwa chomwecho. Koma makolo amene anafika mumzinda muno zaka za m'ma 1970 akukumbukira bwino lomwe kuti phirilo linali bii ndi mitengo, ndi kuti timitsinje totsika m'menemo tinkayenda ndi madzi oyera.

M'makalasi mwathu aphunzitsi amaphunzitsa za nkhalango zikuluzikulu za mvula za pa dziko lapansi: ya Amazon ku South America, imene ili yaikulu koposa zonse, ndi ya m'chigwa cha mtsinje wa Congo, imene ili yachiwiri. Izi n'zoyenera ndithu. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti wophunzira angathe kujambula mapu a Amazon, nakhoza mayeso ake, koma osadziwa kuti nkhalango ya mtundu wonga umenewo inali pamwamba pa Soche, phiri limene amaliona ali pa bwalo la sukulu yake. N'chifukwa chake lero tafuna kukamba za chigawo cha nkhalango za mvula cha dziko lathu lino: kumene chili, anthu amene amakhalamo, ndi chuma chimene chimatuluka m'menemo. Mfundo yathu ndi imodzi. Nkhalango zimenezi ndi chipangizo cha mzinda monga momwe ulili msewu, mlatho kapena paipi ya madzi, ndipo mzinda umene ulekerera chipangizo chake kuti chionongeke umalipira ndithu, ngakhale ngongoleyo itachedwa chotani.

KUMENE NKHALANGOZI ZILI

Poyamba tisiyanitse mitundu iwiri ya nkhalango. Mbali yaikulu ya Malaŵi ndi tchire la miombo: mitengo ya mombo, masuku ndi milombwa yotalikirana, ya udzu pansi pake, imene imayoyola masamba m'chilimwe ndipo imapirira moto. Nkhalango ya mvula ndi ina. Mitengo yake, monga mbawa, mkweranyani, mkundi, kachere ndi mkuyu, imatha kutalika mamita 30 kapena kuposapo, nthambi zake n'kukumana m'mwamba kotero kuti dzuwa silifika pansi kwenikweni. Imakhala yobiriwira chaka chonse, zilambe zimayanga kuyambira pansi mpaka kunsonga, ndipo pansi pake pamakhala chinyontho ngakhale mwezi wa Okutobala pamene dziko lonse lili gwa. Nkhalango yotere imafuna madzi ambiri, choncho m'dziko muno imangopezeka malo owerengeka, ndipo ngakhale pa nthawi imene inali isanakhudzidwe inali kagawo kakang'ono chabe ka nthaka ya dziko lino.

Mtima wa chigawo chimenechi ndi phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Mphepo yochokera ku nyanja ya mchere ya India ikaomba kuchokera kummwera chakummawa, imagunda phirili, n'kukwera, n'kuzizira, n'kutaya madzi ake. Motero mbali ya kummwera ya phirili imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka, pamene Blantyre amalandira pafupifupi 1,100, ndipo Chigwa cha Shire chimalandira yosakwana 800. Kuwonjezera pa mvula ya dzinja pali chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mawawa imene imabwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Masamba a mitengo italiitali amakola nkhunguyo, madzi n'kumadontha pansi pang'onopang'ono usana ndi usiku. Ichi ndicho chinsinsi chimene nkhalangozi zimapulumukira miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yopanda mvula yeniyeni.

Kuchokera ku Mulanje nkhalangozi zinkapitirira pamwamba pa mapiri a m'dera lokwera la Shire, zili apo ndi apo ngati zilumba: phiri la Thyolo, Chiradzulu, Malabvi, Bangwe, Soche, Ndirande ndi Zomba. Mzinda wathu uli pa mtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo Soche amapitirira mamita 1,500, Ndirande mamita 1,600. Kutalika kumeneko n'kumene kunkawathandiza kukola chiperoni. Michiru, amene ali kumadzulo kwa mzinda ndipo amalandira chinyontho chocheperapo, mbali yake yaikulu ndi miombo. M'Chigawo cha Pakati muli nkhalango ya Ntchisi. Kumpoto kuli za ku Misuku, monga Matipa ndi Wilindi, ndi zotsalira za m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay, monga Kalwe ndi Nkuwadzi. Tsidya la malire, mapiri a Namuli, Chiperone ndi Mabu ku Mozambique ndi a banja lomweli. Nkhalango ya Mabu, imene akatswiri a sayansi anayamba kuizindikira mu 2005 poona zithunzi zojambulidwa kuchokera mlengalenga, ndi ya mahekitala pafupifupi 7,000, ndipo ikutionetsa mmene mapiri athu analili.

Popeza zilumbazi zinakhala zotalikirana kwa zaka zosawerengeka, muli zamoyo zimene sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mkungudza wa ku Mulanje, umene uli mtengo wa fuko lathu, umamera mwachilengedwe pa phiri limenelo lokha. Kambalame kena ka pansi pa nkhalango, kamene m'mabuku kamatchedwa Thyolo Alethe, kanatenga dzina la boma lathu la Thyolo, ndipo kamangopezeka m'mapiri owerengeka a Malaŵi ndi Mozambique. Nkhalango ikatha pa phiri limodzi, zamoyo zoterezi sizikhala ndi kothawira.

ANTHU A M'CHIGAWOCHI

Kumene kuli mvula ndi nthaka yabwino anthu amakhamukirako. Amang'anja ndiwo anali eni nthaka a dera lino. Ayao anafika cha m'ma 1860. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876. Ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Alomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku Mozambique, ochuluka mwa iwo n'kukhala pa minda ya Azungu pansi pa lamulo lowawa la thangata. Zotsatira za mbiri imeneyi tikuziona m'kalembera. Pa kalembera wa 2018 dziko la Malaŵi linali ndi anthu pafupifupi 17.6 miliyoni, kapena kuti anthu 186 pa sikweya kilomita imodzi. Koma boma la Thyolo, la anthu oposa 700,000, linali ndi anthu oposa 400 pa sikweya kilomita. Chiradzulu oposa 450. Ndipo Mulanje, wa anthu oposa 680,000, anali ndi oposa 330. Tikakumbukira kuti mbali yaikulu ya Mulanje ndi phiri, ndi kuti nthaka yambiri yabwino ya Mulanje ndi Thyolo ili m'maesiteti, tiona kuti kuthinana kwenikweni kwa m'midzi kukuposa ziwerengerozi kutalitali.

Banja la kamunda kosakwana hekitala imodzi silingagawire ana asanu malo olima. Ana ena amakwera phiri kukatsegula mphanje. Ena amakwera basi kudza ku Limbe ndi ku Blantyre kudzafuna ntchito. Choncho nkhani ya Thyolo ndi Mulanje ndi nkhani ya Bangwe ndi Ndirande yomwe. Mu 1966 mzinda uno unali ndi anthu pafupifupi 110,000. Mu 1977 anali 219,000. Mu 1987 anali 333,000. Mu 1998 anafika 500,000. Ndipo mu 2018 anakwana 800,000. M'zaka 52 chiwerengero chinakula kasanu ndi kawiri, koma nthaka yosalala yomangapo nyumba sinakule. Oposa theka la anthu a mumzindawu amakhala m'madera amene anamangidwa popanda mapulani, ndipo maderawo, posowa kolowera, akhala akukwera mapiri chaka ndi chaka. Pamene panali malire a nkhalango lero pali nyumba, ndipo pamwamba pa nyumbazo pali minda.

CHUMA CHOTULUKA M'MENEMO

Chuma choyamba chimene aliyense amachidziwa ndi tiyi. Mbewuyi inayamba kuyesedwa pa Mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1891 Henry Brown anaibzala ku Mulanje. Thyolo inatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Tiyi amafuna nyengo yofanana ndi imene nkhalango ya mvula imafuna, ndipo tiyenera kunena mosabisa kuti nkhalango yambiri ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje inagwetsedwa kalekale potsegula maesiteti. Dziko lino lili ndi mahekitala pafupifupi 18,000 a tiyi, ambiri a iwo m'maboma awiriwa ndi ena ku Nkhata Bay, ndipo limakolola matani a pakati pa 40,000 ndi 50,000 pa chaka. Tiyi ndi mmodzi wa mbewu zimene zimabweretsa ndalama zambiri zakunja pamodzi ndi fodya ndi shuga, amalemba ntchito anthu zikwi makumi angapo pa nyengo yothyola, ndipo wina amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe konkuno. Kuyambira 1967 alimi ang'onoang'ono nawo analowa mu ulimi umenewu. Pambali pa tiyi pali makadamiya, nanazi, mapeyala ndi nthochi, zimene amayi a m'misika ya Limbe, Bangwe ndi Ndirande amapezerapo chakudya cha ana awo. Kumpoto kuli mphira wa ku Vizara ndi khofi wa ku Misuku.

Chuma chachiwiri, chimene sichilembedwa m'mabuku a malonda koma chikuposa tiyi, ndi madzi. Mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Muloza, Phalombe ndi Sombani yonse imachokera pa phiri la Mulanje. Nkhalango imagwira madzi a mvula monga chinkhupule: masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimamwa madziwo, mizu imawalowetsa m'nthaka, ndipo akasupe amawatulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Mzinda wa Blantyre unayamba ndi kumwa madzi a m'mapiri ake, ndipo damu la Mudi, limene lili m'tsinde mwa Ndirande, linamangidwa ndi chiyembekezo chakuti phirilo lidzakhala ndi mitengo. Mzinda utakula, madzi ambiri anayamba kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amapopedwa kukwera mamita pafupifupi 800 asanafike pa mpopi wa ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa. Kupopa kumeneko kumadya magetsi ochuluka, ndipo ndalama yake imatuluka m'thumba la aliyense wogula ndowa ya madzi. Mu 2019 kunawonjezeredwa madzi ochokera ku Likhubula ku Mulanje, okwana malita pafupifupi 20 miliyoni pa tsiku, amene akuthandiza madera a kummawa kwa mzinda monga Bangwe. Tanthauzo lake n'lakuti mayi wa ku Bangwe akamatunga madzi m'mawa, moyo wa banja lake wadalira mitengo ya pa phiri limene mwina sanalikwerepo.

MMENE ZINATHERA

Mapiri a Ndirande, Soche ndi Thyolo anaikidwa kukhala nkhalango zotetezedwa zaka za m'ma 1920, ndipo Mulanje mu 1927. Kwa nthawi yaitali chitetezocho chinagwira ntchito, koma chinatsamira pa alonda ndi pa mantha. Anthu a m'tsinde mwa phiri ankaiona nkhalango ngati katundu wa boma, woletsedwa kwa iwo, amene phindu lake limapita kwina. Mantha atachoka pa nthawi ya kusintha kwa ndale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, panalibe china chogwira nkhalangoyo. M'zaka zochepa chabe phiri la Ndirande linametedwa mpala, mitengo ya paini ndi bulugamu yobzalidwa pamodzi ndi yachilengedwe yomwe. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inatha m'zaka khumi zomwezo, kupatula kachigawo kamene kali m'malo a esiteti ya Satemwa. Ku Mulanje, nkhalango ya Chisongeli, imene zaka za m'ma 1970 inali yaikulu koposa nkhalango zonse za mvula m'dziko muno, inali itayamba kale kugwa pamene anthu osowa minda, eni dziko ndi othawa nkhondo ya ku Mozambique, ankafuna polima. Soche ndi Bangwe anatsatira, ndipo m'zaka zaposachedwa nkhwangwa yalowanso kwambiri mu Michiru.

Za mkungudza n'zomvetsa chisoni koposa. Matabwa ake ndi onunkhira, saola msanga ndipo chiswe sichiwadya, choncho ocheka matabwa mwakuba anaulondola m'zigwembe zonse za phiri. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yamoyo isanu ndi iwiri yokha pa phiri lonse la Mulanje. Mtengo wa fuko unatsala pang'ono kutheratu m'manja mwa fuko lake lomwe.

Sitikulemba izi kuti tinyoze munthu wosauka. Mayi amene amatsika phiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu sachita zimenezo chifukwa chodana ndi mitengo. Achita chifukwa ana ayenera kudya. Pa kalembera wa 2018 nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira ndi magetsi, ndipo mabanja oposa 90 pa 100 amaphikira nkhuni kapena makala. Ngakhale mabanja a ife ogwira ntchito za boma ndi zauphunzitsi, amene tili ndi magetsi m'nyumba, mbaula ya makala siichoka pakhonde. Kafukufuku wa mu 2007 anapeza kuti mizinda inayi ikuluikulu ya dziko lino inkatha matumba a makala pafupifupi 6 miliyoni pa chaka, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mizindayo yakula kwambiri. Mitengo ya pafupi itatha, makala a Blantyre akhala akuchokera ku tchire la miombo la ku Neno, Mwanza ndi madera ena a m'mbali mwa Shire. Nthaka yokokoloka kumeneko imathera mumtsinje momwe muli Walker's Ferry, Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Matope akachuluka magetsi amavuta; magetsi akavuta timagula makala ochuluka; makala akachuluka matope amawonjezereka. Tikudzitchera msampha tokha, ndipo wogula ali ndi mlandu wofanana ndi wa wootcha.

MTENGO WA MTENGO

M'chinenero chathu mawu oti mtengo amatanthauza chomera, amatanthauzanso ndalama imene munthu alipira pogula chinthu. Mzinda uno waphunzira matanthauzo onse awiri. Mtengo woyamba timaulipira tsiku ndi tsiku: damu la Mudi lakhala likudzaza ndi matope ochokera m'minda ya m'phiri, mtsinje wa Nasolo, umene umadutsa mu Ndirande, umasefukira m'dzinja n'kusanduka ngalande ya zonyansa m'chilimwe, misewu ya m'munsi imakwiririka ndi mchenga mvula iliyonse ikagwa. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Mtengo wachiwiri tinaulipira ndi miyoyo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pa 13 Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy itagwa masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo mabanja ena anathera pomwepo. Zomwezo zinachitika kwa Ntauchira ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Apa tiyenera kulankhula mosamala, pakuti aphunzitsi sayenera kuphunzitsa ana chinthu chosakwanira. Mitengo payokha singaletse napolo aliyense. Napolo anatsika ku Zomba mu Disembala 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo mvula yonga ya Freddy ingagumule ngakhale phiri la nkhalango. Koma zinthu ziwiri n'zosakayikitsa. Nthaka yopanda mizu imakokoloka msanga ndiponso kawirikawiri kuposa yogwidwa ndi mitengo. Ndipo malo amene matope anadutsa pa Soche akanakhala nkhalango monga lamulo linanenera, akanakokolola mitengo m'malo mwa anthu. Nkhalango imateteza pogwira nthaka, imatetezanso poika mpata pakati pa phiri ndi nyumba.

ZOYENERA KUCHITA

Aliyense woyenda m'misewu ya Thyolo ndi Chiradzulu waona kuti pakati pa minda yopanda mtengo pamakhala kamsitu kobiriwira, ndipo akafunsa amauzidwa kuti ndi manda. Ku Nsanje msitu wa Khulubvi waima zaka mazanamazana chifukwa anthu amaulemekeza. Zotsalira zina za nkhalango zili m'maesiteti ndi pa malo a mishoni. Phunziro lake ndi limodzi: mtengo umakhala pamene pali mwini wodziwika, ndi lamulo limene anthu a pamalopo amalivomera mumtima mwawo. Ntchito yathu tsono ndi yopatsa phiri lililonse eni ake.

Kwa akuluakulu a boma, a khonsolo ndi mafumu tikupempha zinthu zinayi. Choyamba, malire a nkhalango pa Soche, Ndirande, Bangwe ndi Michiru aikidwe poyera ndi zizindikiro zooneka, ndipo pamwamba pa malirewo pasagawidwe puloti kwa wina aliyense, kaya ndi wosauka womanga ya zidina kaya ndi bwana womanga yosanja. Koma banja silingachoke pangozi ngati silinaonetsedwe kolowera. Kusamutsa anthu kuyende pamodzi ndi malo atsopano okhala ndi madzi, msewu ndi sukulu. Chachiwiri, lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, ligwire mwini lole ndi wogula matabwa mofanana ndi mmene limagwirira wa njinga ya matumba awiri. Chachitatu, pakhale njira zina zophikira zimene munthu wamba angazikwanitse: mbaula za chitetezo zosatha nkhuni, makala ochokera ku mitengo yobzalidwa ya anthu a chilolezo, gasi ndi magetsi odalirika; ndipo omanga nyumba achepetse njerwa zootcha, pakuti uvuni umodzi umadya mitengo yambiri. Chachinayi, makomiti a m'madera a m'tsinde mwa mapiri apatsidwe gawo lodziwika la phiri loti aliyang'anire, ndi phindu looneka monga nkhuni zouma, udzu, bowa ndi malo opachika ming'oma ya njuchi. Amene amamwa madzi a phiri, makamaka makampani akuluakulu, athandize kulipira amene amalisamala.

Tiwonjezere mawu amodzi pa nkhani yobzala. Dziko lino linayamba kukhala ndi tsiku lobzala mitengo mu 1976, ndipo tsopano tili ndi nyengo yathunthu kuyambira Disembala mpaka Epulo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunalinso ntchito yaikulu yobzala mitengo ya nkhuni za mzinda wa Blantyre ndi thandizo la dziko la Norway. Mbande zimene zabzalidwa m'zaka zonsezi zikanakhala kuti zinakula, mapiri athu akanakhala bii. Vuto n'lakuti timawerenga mbande pa tsiku la mwambo, pamene zithunzi zikujambulidwa, koma sitibwererako mu Okutobala kukawerenga zimene zapulumuka ku moto, mbuzi ndi khasu. Ofesala aliyense wopereka lipoti la mitengo yobzalidwa azipereka lachiwiri pakatha chaka, lonena kuti yamoyo ndi ingati. Ndipo pamene zitsa zikuphukira zokha, kulambula njira zotchinga moto ndi kuteteza ziphukirazo n'kotsika mtengo kuposa kugula mbande zatsopano. Ku Mulanje, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi Dipatimenti ya Nkhalango ndi anthu a m'midzi abzala mbande za mkungudza zikwi mazana angapo, ndipo mu 2025 phirilo linalembedwa ndi UNESCO m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse lapansi. Ulemu umenewo udzakhala ndi tanthauzo pokhapokha mbandezo zitaloledwa kukula.

Kwa aphunzitsi, udindo wanu ndi waukulu koposa, pakuti kuongola mtengo n'kumayambiriro. Phunziro la nkhalango za mvula liyambire pa zenera la kalasi lisanafike ku Congo ndi ku Brazil. Chitini chimodzi ndi rula zikwanira kuti ana ayese mvula ya pa sukulu yawo n'kuiyerekeza ndi ya ku Mulanje. Mabotolo awiri a madzi, lina lotungidwa m'kamtsinje kochokera m'mitengo, lina m'ngalande yochokera m'minda ya m'phiri, akasiyidwa pa tebulo mpaka m'mawa, adzaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka kuposa tsamba lililonse la buku. Atumeni ana kwa agogo awo akafunse maina a mitengo, mbalame ndi akasupe amene anali pa phiri, ndipo mainawo alembedwe asanaiwalike. Makalabu a zachilengedwe, amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likuwalimbikitsa m'masukulu, akhale ndi nazale za mitengo yathu yachilengedwe monga mbawa ndi mtangatanga, ndipo mwana aliyense wa Sitandade 1 apatsidwe mtengo wake woti adzauonetse pamene akutsiriza Sitandade 8. Mwana amene wathirira mtengo zaka zisanu ndi zitatu sadzasaina chikalata chogulitsa phiri akadzakhala bwana mu ofesi.

Nkhalango ya mvula imatenga zaka makumi ambiri kuti ibwerere, ndipo zina zimene zinatayika sizidzabweranso. Komabe zofunika zikuluzikulu zikadalipo. Mapiri akadali pomwe anali, njere za mbawa zikupezeka, ndipo chiperoni chimafikabe pa Soche ndi pa Ndirande chaka chilichonse mwezi wa Juni, kungoti chimasowa masamba otsikirapo. Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tonse, a m'maofesi, a m'masukulu, mafumu, mipingo ndi eni nyumba a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, tiyambe dzinja likudzali ndi mbali ya phiri imene ili pamwamba pa denga lathu.